Miyala ya mtengo wapatali: kusiyanitsa yachilengedwe, ya m'labotale ndi yonyengezera

Chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia chimadziwika ndi ulimi wa chimanga, nsawa, thonje, soya ndi fodya, koma pansi pa nthaka yake palinso chuma china. Ku Lundazi kumakumbidwa aquamarine, tourmaline ndi garnet. Ku Nyimba nakonso kumapezeka tourmaline, pamene ku Vubwi, dera limene linali mbali ya boma la Chadiza kufikira mu 2012, anthu amakumba golide.

Boma la Chadiza lili m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo Malawi sali kutali. Msewu wochokera ku Katete umadzera pa chipata cha Chanida kuloza ku Tete. Maiko atatu onsewa ali ndi miyala ya mtengo wapatali, choncho munthu wobwera ndi timiyala m'kathumba n'kunena kuti tachokera kutsidya kwa malire savuta kumukhulupirira.

Anthu amene angataye chuma pa malonda otere ali pawiri. Woyamba ndi mlimi amene wagulitsa zokolola, n'kupereka ndalama za feteleza pogula galasi la botolo poganiza kuti ndi emerald. Wachiwiri ndi wokumba amene wapeza mwala weniweni, koma wogula n'kumuuza kuti ndi wachabechabe kuti autenge pa mtengo wozizira. Onse awiri amagwa m'mbuna chifukwa choweruza mwala ndi mtundu wake wokha, pamene mtundu ndiwo wosavuta kuukopera kuposa china chilichonse.

Magulu anayi a miyala

Akatswiri a miyala amagawa zimene zimagulitsidwa pa msika m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la miyala yachilengedwe, imene inaumbika yokha pansi pa nthaka kwa zaka mamiliyoni ambiri, ndipo munthu amangoikumba, kuisema ndi kuipukuta.

Gulu lachiwiri ndi la miyala yachilengedwe yokonzedwa. Emerald wambiri amathiridwa mafuta kapena utomoni kuti ming'alu isaoneke. Aquamarine amatenthedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 400 kuti ubiriwiri uchoke, patsale mtundu wa mtambo. Zimenezi n'zololedwa pa malonda malinga ngati wogulitsa waulula zimene zachitidwa.

Gulu lachitatu ndi la miyala yopangidwa m'labotale. Emerald wa m'labotale ali ndi zonse zimene zimapanga emerald wa mu mgodi: kulimba kwake, kulemera kwake ndi kuwala kwake n'zofanana kapena zoyandikana kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti anakulira m'fakitale kwa masiku kapena miyezi, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri.

Gulu lachinayi ndi la miyala yonyengezera, imene imangofanana ndi weniweni pa maonekedwe. M'gululi muli galasi, pulasitiki, ndi miyala yotchipa yopakidwa utoto.

Kudziwa magulu amenewa n'kofunika chifukwa mayeso amene amagwira galasi sangagwire mwala wa m'labotale. Munthu atha kukanda mwala, kuupima pa sikelo, n'kupeza kuti zonse zili bwino, koma mwalawo uli wa m'fakitale.

Mbiri ya miyala ya m'labotale

Mu 1902, katswiri wa ku France, Auguste Verneuil, analengeza njira yopangira ruby mwa kugwetsa ufa wa alumina m'lawi la moto wa madigiri oposa 2,000. Ufawo umasungunuka n'kumaundana pang'onopang'ono, ndipo m'maola ochepa pamakhala mwala wautali ngati kachidutswa ka kandulo. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo ndiyo imatulutsa ruby, sapphire ndi spinel zotchipa zimene zadzaza m'misika ya dziko lonse.

Emerald anavuta kupanga. Carroll Chatham wa ku San Francisco ku America anakwanitsa kutero m'zaka za m'ma 1930, ndipo Pierre Gilson wa ku France anatsatira m'zaka za m'ma 1960. Iwo ankasungunula zopangira mwalawo m'mankhwala otentha, mwala n'kumakula kwa miyezi yambiri. Pambuyo pake kunabwera njira ya madzi otentha opanikizidwa m'chitsulo chotsekedwa, imene imatulutsa emerald ndi amethyst, makamaka ku Russia.

Kampani ya General Electric inapanga dayamondi mu 1954. Poyamba dayamondi wotere ankagwira ntchito m'mafakitale okha, koma lero mafakitale a ku China ndi ku India amatulutsa wochuluka wa mphete, ndipo mtengo wake watsika kwambiri. Kampani ya De Beers inayamba kugulitsa dayamondi wa m'labotale mu 2018 pa dzina la Lightbox, pa mtengo wa madola 800 pa karati imodzi, ndipo mu 2025 inalengeza kuti itseka malondawo.

Karati ndiwo muyeso wa kulemera kwa miyala imeneyi. Makarati asanu amapanga galamu imodzi.

Zimene munthu angayese ali kumudzi

Choyamba ndi kaumbidwe ka mwala wosasema. Aquamarine ndi emerald ndi a banja limodzi lotchedwa beryl, ndipo amakula ngati pensulo ya mbali zisanu ndi imodzi, nthawi zambiri yafulati kumapeto. Tourmaline amakhala ndi mizere yoyenda m'litali mwake, ndipo ukamuyang'ana kumapeto amaoneka ngati wa ngodya zitatu zobulungira. Quartz, amene amethyst ndi mtundu wake wina, ali ndi mbali zisanu ndi imodzi ndi nsonga, koma mizere yake imayenda chopingasa. Garnet amakhala wobulungira ngati kampira ka nkhope 12 kapena 24.

Chachiwiri ndi kuyang'ana m'kati. Chida chofunika kwambiri kwa aliyense wochita malonda a miyala ndi kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi, kotchedwa loupe. Mwala wachilengedwe kawirikawiri umakhala ndi zipsera: timing'alu, timiyala tina totsekeredwa m'kati, kapena timachubu towonda ngati singano. M'galasi mumaoneka timathovu ta mpweya tobulungira ndi mizere yopotana ngati manyuchi akamasakanizidwa m'madzi. Mwala waukulu, wa mtundu wokongola, wopanda chipsera chilichonse, koma wotchipa, uyenera kukayikiridwa.

Chachitatu ndi kuzizira. Mwala ukaugunditsa pa tsaya kapena pa mlomo umamveka kuzizira kwa kanthawi, pamene galasi ndi pulasitiki zimafunda msanga. Mayeso amenewa sathandiza ngati mwalawo wakhala m'thumba kapena m'dzanja la wogulitsa.

Chachinayi ndi kulemera poyerekeza ndi madzi. Pamafunika sikelo yaing'ono ya batire, kapu ya madzi ndi ulusi. Mwala umapimidwa kaye wokha. Kenaka kapu ya madzi imaikidwa pa sikelo, sikeloyo n'kubwezedwa pa ziro, ndipo mwala womangidwa pa ulusi umamizidwa m'madzimo osakhudza pansi kapena m'mbali. Nambala yoyamba imagawidwa ndi yachiwiri. Mwala wa magalamu 5.4 umene m'madzi waonetsa 2.0 uli pa 2.7, ndipo imeneyi ndi nambala ya beryl. Quartz ali pa 2.65, tourmaline pafupifupi 3.06, topaz 3.5, spinel wa m'labotale 3.6, pamene ruby ndi sapphire ali pa 4.0. Galasi la botolo limakhala pafupifupi pa 2.5, koma magalasi ena amalemera kuposa pamenepo. Pa timiyala tating'ono kwambiri, sikelo wamba imasokoneza.

Chachisanu ndi kulimba. Pa muyeso wa Friedrich Mohs wa 1812, dayamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, topaz pa 8, beryl pakati pa 7.5 ndi 8, quartz pa 7, ndipo galasi pafupifupi 5.5. Kachidutswa ka quartz kamakanda galasi koma sikakanda beryl. Mayeso amenewa amachitidwa pa mwala wosasema wokha, pa malo obisika, mwini wake atalola. Chikhulupiriro chakuti mwala uliwonse wokanda galasi ndi dayamondi chapusitsa anthu ambiri, popeza quartz wa m'munda nayenso amakanda galasi.

Miyala ya kum'mawa

Pa miyala ya ku Lundazi ndi ku Nyimba, vuto lalikulu ndi zonyengezera, osati za m'labotale. Tourmaline sapangidwa m'fakitale kuti agulitsidwe ngati mwala wa mphete, ndipo aquamarine wa m'labotale alipo koma ndi wosowa. Zimene zimaimira aquamarine kawirikawiri ndi galasi, spinel wa m'labotale, ndi topaz woyera amene wasandutsidwa wa mtundu wa mtambo ndi cheza champhamvu. Spinel ndi topaz zimagwidwa pa sikelo chifukwa zimalemera kuposa beryl.

Tourmaline ali ndi chizindikiro china. Ukamuyang'ana cham'mbali amaoneka wowala, ukamuyang'ana chotsata utali wake amaoneka wakuda kapena wa mtundu wina. Galasi limaoneka chimodzimodzi mbali zonse. Tourmaline wachikasu wa ku mgodi wa Canary, pafupi ndi Lundazi, ndi wodziwika kunja kwa dziko, ndipo amatha kusokonezedwa ndi quartz wachikasu amene ndi wopepuka ndiponso wotchipa.

Garnet wa mtundu wa lalanje, wotchedwa spessartine, amakokedwa ndi maginito amphamvu chifukwa cha manganese amene ali m'kati mwake. Galasi la mtundu womwewo silikokedwa motero.

Emerald, ruby ndi amethyst

Pa miyala itatu iyi, za m'labotale n'zochuluka. Emerald wa ku Zambia amachokera makamaka ku Kafubu, m'boma la Lufwanyama ku Copperbelt, kumene anayamba kupezeka ku Miku mu 1928. Kumeneko kuli mgodi wa Kagem, umene kampani ya Gemfields ili ndi magawo 75 pa 100 ndipo boma la Zambia lili ndi magawo 25. Mgodiwu unatulutsa mwala wotchedwa Insofu wa makarati 6,225 mu 2010, Inkalamu wa makarati 5,655 mu 2018, ndi Chipembele wa makarati 7,525 mu 2021. Mbiri ya miyala yotere ndiyo imene akathyali amadalira pokopa anthu akutali ndi migodi.

Emerald wa ku Kafubu amakhala wobiriwira mopendekera ku mtundu wa mtambo chifukwa cha chitsulo chimene chili m'kati mwake. Pa maikulosikopu mumaoneka timamba ta mica takuda kapena tofiirira, timiyala tonga singano, ndi timabowo ta ngodya zinayi tokhala ndi madzi ndi kathovu. Emerald wa Chatham kapena Gilson amaonetsa zipsera zonga utsi wopotana kapena ukonde wa kangaude. Wa madzi otentha amaonetsa mizere yokhotakhota ngati mano a sowo.

Pali kagalasi kena kotchedwa Chelsea filter, kamene kanapangidwa ku London mu 1934. Emerald wambiri wa ku Colombia ndi wa m'labotale amaoneka wofiira ukamuyang'anira m'kagalasika, koma wa ku Zambia nthawi zambiri safiira chifukwa cha chitsulo chija. Wogula amene akana emerald wa ku Kafubu chifukwa chakuti sanafiire ndiye kuti sadziwa ntchito yake, apo ayi akufuna kutsitsa mtengo. Kagalasi komweko kamathandiza pa aquamarine: weniweni amaoneka wobiriwira, pamene spinel wa m'labotale wa mtundu wa mtambo amaoneka wofiira kapena wofiirira.

Ruby amapezeka ku Montepuez m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, kumene anatulukira mu 2009, ku Niassa, ndiponso pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu m'dziko la Malawi. Ruby wa njira ya Verneuil amadziwika ndi mizere yopindika ngati uta, nthawi zina pamodzi ndi timathovu. Mizere ya ruby wachilengedwe imakhala yowongoka ndipo imakumana pa ngodya. Kuyambira mu 2004 pa msika pamapezekanso ruby wong'alukang'aluka amene ming'alu yake yadzazidwa ndi galasi la mtovu. Ameneyu amathwanima mtundu wa mtambo m'ming'alumo ukamutembenuza, ndipo amawonongeka ngakhale ndi madzi a mandimu.

Amethyst wa ku Mapatizya, m'chigawo cha kum'mwera, ndi mmodzi mwa abwino kwambiri pa dziko lonse. Koma amethyst wa m'labotale wosemedwa bwino amavuta kumuzindikira ngakhale kwa akatswiri, ndipo kawirikawiri pamafunika makina a m'labotale yoyesera miyala.

Dayamondi

Zoimira dayamondi zodziwika n'ziwiri. Cubic zirconia, amene anafika pa msika m'zaka za m'ma 1970, amalemera pafupifupi 5.8 poyerekeza ndi 3.52 ya dayamondi, choncho sikelo imamugwira. Moissanite, amene anayamba kugulitsidwa mu 1998, amapusitsa kachipangizo koyesa dayamondi ndi kutentha, koma pa loupe m'mphepete mwa nkhope zake za kumbuyo mumaoneka pawiripawiri. Dayamondi wa m'labotale sagwidwa ndi loupe kapena kachipangizo kameneko, chifukwa ndi dayamondi ndithu. Amazindikirika ndi makina apadera, kapena ndi zilembo zing'onozing'ono zimene opanga ambiri amalemba m'mphepete mwake.

Chinyengo cha miyala yosasema

Anthu ambiri amaganiza kuti mwala wokhala ndi dothi ndiye wochokera mu mgodi. Akathyali amadziwa zimenezi. Galasi lobiriwira limapalidwa kuti likhale ndi mbali zisanu ndi imodzi, kenaka limamatidwa mica wosinja ndi guluu kuti lioneke ngati emerald wongokumbidwa kumene. Ena amaswa quartz woyera, n'kumulumikizanso ndi utomoni wobiriwira. Ena amatenga ruby kapena sapphire wa m'fakitale, n'kumugubuduza m'makina kuti aoneke ngati nsangalabwi ya mu mtsinje, kenaka n'kumusakaniza ndi timiyala tenitenito.

Mwala wotere umagwidwa posambitsidwa ndi madzi ndi burashi. Guluu amanyezimira mosiyana ndi mwala, amakandika ndi mpeni, ndipo amafewa ndi mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. Mbali zopalidwa ndi munthu zimakhala ndi mikwingwirima ya tupa. Pa quartz wonyikidwa mu utoto, mtundu umaunjikana m'ming'alu, pamene pakati pa ming'aluyo mwala uli woyera. Wogulitsa amene akukana kuti mwala usambitsidwe, amene akufuna malonda a madzulo, kapena amene akuti apolisi ali m'mbuyo mwake ndiye muchite changu, wadziulula yekha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinyengo china ndi cha kusintha. Mwala weniweni umaonetsedwa ndi kuyesedwa, koma umene umakulungidwa m'pepala ndi wina. N'chifukwa chake amalonda odziwa ntchito amapima mwala pa sikelo kawiri, usanakulungidwe ndiponso ndalama zisanaperekedwe.

Kumene diso limalekera

Mayeso a kumudzi amatha kutsimikiza kuti chinthu ndi chabodza, koma sangatsimikize kuti mwala ndi wachilengedwe. Ntchito imeneyo imafuna zida. Refractometer imapima mmene mwala umapindira kuwala, ndipo mwala uliwonse uli ndi nambala yake: quartz ali pa 1.54 kufika 1.55, aquamarine pafupifupi 1.58, tourmaline 1.62 kufika 1.64, spinel wa m'labotale 1.73. Maikulosikopu imaonetsa zipsera zimene zimaulula kumene mwala unakulira. Malabotale akuluakulu, monga a bungwe la Gemological Institute of America limene linakhazikitsidwa mu 1931, ali ndi makina opima timbali ting'onoting'ono ta zinthu zimene zili m'mwala.

M'dziko la Zambia, nthambi ya boma ya Geological Survey Department ku Lusaka, pansi pa unduna wa za migodi, ili ndi akatswiri oyesa miyala. Ku Ndola kuli sukulu ya Gemstone Processing and Lapidary Training Centre, imene imaphunzitsa kuzindikira ndi kusema miyala. Kwa munthu wa ku Chadiza, ulendo wa ku Lusaka ndi wautali ndiponso wodula, koma anthu angapo a m'gulu limodzi atha kusonkherana, kugula loupe ndi sikelo, ndi kutumiza mmodzi wa iwo kukayesetsa miyala kapena kukaphunzira.

Chikalata cha labotale nachonso chimafuna kusamala, popeza mapepala amakoperedwa. Kulemera ndi miyeso yolembedwa pa chikalata ziyenera kufanana ndi za mwala umene uli m'dzanja, ndipo malabotale akuluakulu amalola munthu kutsimikiza nambala ya chikalata pa intaneti.

Malamulo ndi chitetezo

Kukumba miyala ya mtengo wapatali, kuchita nayo malonda ndi kuitulutsa kunja kwa dziko la Zambia kumafuna chilolezo cha boma. Munthu wogula mwala mobisa kwa mlendo wopanda mapepala amadziika pa ngozi ziwiri: atha kuberedwa, ndipo atha kuopa kukadandaula chifukwa malondawo anali osaloledwa. Kugulitsa chinthu pochitchula dzina labodza ndi mlandu, ndipo wonyengedwa atha kupita ku polisi kapena ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

Mwala wa m'labotale suli woletsedwa, ndipo ambiri amaugula mwadala chifukwa ndi wokongola komanso wotchipa. Mlandu umakhala pa dzina limene wogulitsa waupatsa. Choncho wogula apemphe lisiti yolembedwa dzina la mwala, kulemera kwake, kaya ndi wachilengedwe kapena wa m'labotale, ndi zimene unakonzedwa nazo. Wokumba asagulitse kwa munthu woyamba amene wamuuza kuti mwala wake ndi wachabe, koma aupime, aulembe m'buku, ndipo amve mitengo ya ogula awiri kapena atatu. Kwa onse awiri, ndalama zisasinthe manja mwala usanayesedwe masana, pamaso pa mboni, ndipo ukakhala wa ndalama zambiri, pamaso pa katswiri wokhala ndi zida.